Mapu akuti mudzi wathu uli pabwino, koma miyala ya napolo ili m'munda. Kodi mapuwa amawapanga bwanji?

Mphunzitsi_wa_ku_Dómuè

Moni nonse abale ndi alongo. Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kumunsi kwa phiri la Dómuè, m'boma la Angónia, ndipo ndilinso mu komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Ndili ndi funso limene landisowetsa mtendere, ndiye amene munaphunzira za miyala ndi nthaka chonde ndithandizeni.

Mwezi wathawu tinaitanidwa ku Ulónguè ku msonkhano wokonzekera dzinja. Anthu a bungwe lina anabwera ndi mapu aakulu n'kuwamata pakhoma. Chinali chigawo chonse cha Tete, kuyambira ku Zumbo mpaka ku Mutarara, atachipaka mitundu itatu. Kofiira akuti n'koopsa, kwachikasu n'kwapakatikati, kobiriwira kulibe nkhawa ya kugumuka kwa nthaka. Ndinayandikira n'kuyamba kusakasaka ndi chala. Phiri ndinalipeza, lofiira ndithu. Koma pamene pali mudzi wathu, sukulu ndi tchalitchi, pali biriwiri.

Tsono kuseri kwa sukuluyi kumadutsa khwawa lochokera m'phiri. M'chilimwe limakhala louma, ana amalidumpha popita kukatunga madzi, mbuzi zimagona momwemo. Pamene khwawalo latulukira m'phiri n'kufika pa chidikha, m'minda ya anthu muli miyala ikuluikulu yoti ng'ombe zinayi zapangolo sizingaisunthe. Siinamere pamenepo ayi, yangokhala pamwamba pa dothi, ina yotsamirana. Agogo ena a m'mudzi muno amati makolo awo ankawauza kuti inabwera ndi napolo usiku umodzi. Ndipo mu Januwale 2022, nthawi ya namondwe Ana, pamene mlatho wa pa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize unaduka, khwawa lathuli linatsitsa matope, zitsa ndi miyala mpaka linakwirira madimba a mbatatesi ndi kugwetsa khola la ng'ombe. Munthu sanafe, tithokoze Mulungu, koma matope anaima pafupi kwambiri ndi zimbudzi za sukulu.

Nditafunsa pa msonkhanopo anandiyankha mwaulemu kuti mapuwa anapangidwa ndi kompyuta pogwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti. Nthawi inali itatha, sindinapitirize. Koma ine Lolemba ndimaimirira kutsogolo kwa ana a eni ake, ndipo makolo akandifunsa ngati sukuluyi ili pamalo abwino ndiyenera kuyankha zoona. Kodi mapu oterewa amapangidwa bwanji? Kompyuta imadziwa bwanji phiri limene sinalipondepo? Nanga ndikhulupirire mapu kapena miyala imene ndikuiona ndi maso?

Mlimi_Tsangano

Aphunzitsi, khulupirirani miyalayo. Kwathu kuno ku Tsangano mapiri ndi omwewa, ndipo aliyense amadziwa khwawa lolusa ndi khwawa lofatsa popanda pepala. Mantha anga ndi ena. Mapu akangoti malo ndi ofiira, mawa amabwera n'kunena kuti samukani, osakuuzani kuti mukalima kuti. Dothi labwino la mbatatesi ndi chimanga lili m'mphepete mwa mapiri momwemu. Ndiye inu thokozani kuti anakupakani wobiriwira.

Wa_miyala_Moatize

Zikomo aphunzitsi chifukwa cha funsoli. Ine ndine mwana wa ku Angónia komweko, ndinaphunzira za miyala ku Tete ndipo ndimagwira ntchito yojambula mapu a nthaka ku Moatize. Mapu amene munaonawo sindinawaone, koma kapangidwe ka mapu a mtundu umenewu ndikukadziwa, ndiye ndiloleni ndifotokoze mwatsatanetsatane. Bambo a ku Tsangano, ndibwera kwa inu pamapeto.

Poyamba kompyuta imapatsidwa msinkhu wa nthaka. Dziko lonse analigawa m'timabokosi, ndipo kabokosi kalikonse kali ndi nambala imodzi yonena kuti pamenepo m'pokwera mamita angati. Zambiri zimene timagwiritsa ntchito kuno n'zaulere: za SRTM, zimene anayeza ndi chombo cha m'mlengalenga cha Endeavour mu Febuluwale 2000, ndi za Copernicus za ku Ulaya zimene zinatuluka pambuyo pake. Zonse ziwirizi kabokosi kake ndi ka mamita 30 mbali zonse. Kuchokera pa manambalawo kompyuta imawerengera kutsetsereka kwa malo, kumene madzi amalowera, ndi kukula kwa dera limene limathira madzi ake pa kabokosi kalikonse. Kenako amaonjezerapo mapu a mtundu wa miyala, a dothi, a mitengo ndi minda, ndi a mvula. Akatero amaphunzitsa modelo, ndiye kuti pulogalamu ya kompyuta yolosera, kuionetsa malo amene nthaka inagumukapo kale kuti ifunefune malo ena ofanana nawo.

Apa pali mabowo awiri amene mudzi wanu unagweramo.

Loyamba, khwawa lanulo mwina m'lifupi ndi mamita asanu kapena khumi. Mu kabokosi ka mamita 30 silioneka n'komwe. Ndipo posindikiza chigawo chonse cha Tete papepala limodzi, dera la masikweya kilomita pafupifupi 100,000, timabokosito amatiphatikizanso kukhala tikuluakulu. Modelo ya NASA, bungwe la ku America loona za m'mlengalenga, yotchedwa LHASA, imene imayang'ana dziko lonse lapansi, imagwira ntchito ndi mabokosi a pafupifupi kilomita imodzi. Mudzi, sukulu, khwawa ndi madimba zonse zimalowa mu bokosi limodzi n'kupatsidwa mtundu umodzi.

Lachiwiri ndi lalikulu kwambiri, ndipo ndikufuna mulimvetse bwino. Mapu ambiri a dera lalikulu amayankha funso lakuti nthaka ingayambire pati kugumuka. Sayankha funso lakuti ikagumuka ikaima pati. N'chifukwa chake phiri analipaka lofiira ndipo chidikha chanu chobiriwira. Pa chidikha nthaka singagumuke, zimenezo n'zoona. Koma napolo sapha anthu pamene wayambira, amapha pamene wafikira. Dothi likagumuka pamwamba n'kugwera m'khwawa lodzaza madzi, limasakanikirana ndi miyala, mchenga ndi mitengo n'kukhala ngati konkire yongosakaniza kumene, yolemera pafupifupi kawiri kuposa madzi. N'chifukwa chake limatha kunyamula miyala imene madzi okha sangaisunthe, ndipo liwiro lake limatha kupitirira makilomita 50 pa ola. Likatuluka m'khwawa n'kufika potambasuka limatula katundu wake yense. Pamalo potambasuka pakamwa pa khwawa m'pamene anthufe timakonda kumanga, chifukwa dothi lake ndi lachonde, madzi ali pafupi ndipo sipachita lowe. Dothi lachondelo analibweretsa ndi napolo wakale yemweyo.

Zida zowerengera kumene matope akafike zilipo. Ku yunivesite ya Lausanne ku Switzerland anapanga pulogalamu yotchedwa Flow-R yogwirira ntchito pa madera akuluakulu. Imayamba yasankha poyambira, kawirikawiri malo otsetsereka kuposa madigiri 15, olowa m'kati ngati mpita wa madzi, ndiponso olandira madzi ambiri kuchokera kumtunda. Kenako imatsitsa matopewo kabokosi ndi kabokosi mpaka mphamvu yake itatha. Pali lamulo losavuta limene inunso mutha kuligwiritsa ntchito ndi ana a sukulu. Mukalemba mzere kuchokera pamene nthaka inagumuka kufika pamene matope anaima, mzerewo umapendekeka madigiri pafupifupi 11 ngati matope ali ndi miyala yambiri, ndipo umatsika mpaka 7 ngati ndi dothi losalala. Madigiri 11 ndiye kuti pa mita imodzi iliyonse yotsika, matope amayenda mamita asanu kutsogolo. Ngati chipsera cha m'phiri, pamene panagumuka, chili mamita 200 pamwamba pa sukulu, matope angathe kuyenda kilomita imodzi, ndipo akakhala osalala, kilomita ndi theka n'kupitirira. Manambalawa anachokera ku mapiri a ku Ulaya, si a Dómuè, koma amathandiza kudziwa ngati muli m'kati mwa njira yake kapena kunja.

Mapulogalamu ena monga TRIGRS ya ku America kapena RAMMS ya ku Switzerland amawerengera mozama kwambiri, koma amafuna kudziwa kuya kwa dothi ndi mmene limamwera madzi, zinthu zoti munthu akayeze pamalopo. Sangagwire chigawo chonse nthawi imodzi.

Ndiye yankho langa, aphunzitsi: mapu aja sananame, koma anayankha funso limene inu simunafunse. Ntchito yake ndi kuuza boma kuti m'maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga muli mapiri oyenera kupitako n'kukayang'ana bwino. Sayenera kugwiritsidwa ntchito ponena kuti nyumba iyi ili bwino, iyo ayi. Pa nkhani ya sukulu yanu, miyala ili m'mundayo ndi umboni wolemera kuposa mtundu wobiriwira.

Bambo a ku Tsangano, nkhawa yanu ndikuimva, makolo anga nawonso ndi alimi. Koma mapu osalongosoka ndi amene amasamutsa mudzi wonse, chifukwa amapaka phiri lonse mtundu umodzi. Mapu ojambulidwa bwino amaonetsa kuti njira ya matope ndi kamzere kopapatiza. Nthawi zambiri zimapezeka kuti ndi nyumba zochepa zimene zili pakamwa penipeni pa khwawa, ndipo minda itha kulimidwabe, kungoti anthu asagone pamenepo mvula ikalimbikira.

Mayi_wa_ku_Chilobwe

Aphunzitsi, ine kwathu ndi ku Calómuè koma ndinakwatiwa ku Blantyre, ndipo mu Malichi 2023 ndinali ku Chilobwe pamene phiri la Soche linatsika nthawi ya namondwe Freddy. Sindikudziwa za makompyuta, ndingonena zimene ndinaona.

Mvula ija siinali yamphamvu ngati ya mabingu ayi. Inangogwa osaleka, usana ndi usiku, masiku angapo, mpaka pansi m'nyumba panayamba kutuluka madzi. Anthu ankadikira kuti mitsinje idzaza, maso onse anali kumunsi. Zoti ngozi ichokera kumtunda sitinaziganize. Chimene chinabwera choyamba ndi mkokomo, nthaka n'kumanjenjemera, kenako fungo la dothi lofukulidwa kumene. Kuchokera pa mkokomowo kufika pamene nyumba zinayamba kugwa, nthawi yake siinakwane yoti munthu amange katundu. Amene anathawira cham'mbali anapulumuka. Ambiri amene anathamangira kumunsi motsata njira ya madzi anapezedwa. Kutacha, pamene panali nyumba za anzathu panali miyala ndi matope okhaokha, ndipo anyamata ankakumba ndi makasu ndi manja.

Ku Malawi konse anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa. Ku Chiradzulu mudzi wa Ntauchira unakokoloka, ku Phalombe ndi ku Mulanje chimodzimodzi. Ndipo ku Phalombe si koyamba, akuluakulu amakumbukira za 1991 pamene phiri la Michesi linatsika, ndi za ku Zomba mu 1946. Anthu ankadziwa, koma zaka zikapita udzu umamera, ana amakula, malo amagulitsidwa.

Chonde phunzitsani anawo kuti akamva mkokomo m'khwawa athawire cham'mbali n'kukwera, asatsike. Ndiponso khwawa likamayenda madzi ambiri kenako n'kuphwa mwadzidzidzi mvula ikugwabe, asapite kukaona. Ndiye kuti kumtunda kwatsekeka.

Mphunzitsi_wa_ku_Dómuè

Mayi, pepani kwambiri ndi zimene munakumana nazo. Mawu anuwa ndikawawerenga pa msonkhano wa makolo monga mwawalembera.

Achimwene a ku Moatize, mwanditsegula maso. Dzulo nditaweruka ndinakwera m'khwawamo ndi mnyamata wina wolisha ng'ombe amene amadziwa njira zonse za m'phiri. Anandionetsa pamene panagumuka mu 2022. Chipsera chikadalipo, thanthwe lili poyera, ndipo dothi limene linali pamwamba pake silinali lakuya, mwina kufika m'chiuno. Chandidetsa nkhawa ndi chakuti pambali pa chipseracho pali mng'alu wautali wopingasa phiri, woti dzanja limalowa, ndipo mitengo ingapo ya masuku yapendekera kumunsi. Pamwamba pakepo anthu atsegula minda yatsopano, mitengo yambiri inapita ku makala ndi ku zigafa za fodya. Sindikuwaweruza, ndi makolo a ana anga omwe, ndipo njala siidikira. Koma ndaona ndi maso kuti mizere ina aiyendetsa motsetsereka, madzi onse akuthira m'khwawa lomwelo.

Ndili ndi mafunso ena awiri. Kodi makompyutawo angatiuze tsiku limene ziti zichitike, poti mvula amaiona pa setilaiti? Ndipo ife a komiti tingachite chiyani kuti khwawa lathuli lilowe m'mapu amene akubwera?

Wa_miyala_Moatize

Mng'alu umenewo musautenge mopepuka, aphunzitsi. Mng'alu wopingasa pamodzi ndi mitengo yopendekera ndi zizindikiro zoti dothi layamba kale kuyenda. Khomani zikhomo ziwiri, china kumtunda kwa mng'alu china kumunsi, muyeze mpata wake ndi chingwe n'kulemba m'kope. Muziyezanso mvula yaikulu ikagwa, koma masana ndiponso mvula itasiya. Mpata ukamakula, kauzeni amfumu ndi a ku posto, ofesi ya boma ya m'dera lanu, tsiku lomwelo.

Za tsiku, palibe modelo imene ingakuuzeni. Imene ilipo imanena kuti mwayi wakwera. Setilaiti zoyeza mvula za GPM zimapereka muyeso wa mvula mphindi 30 zilizonse, koma bokosi lake ndi la makilomita pafupifupi 10, ndipo mvula ya m'mapiri nthawi zambiri imaichepetsa. Inu mukudziwa kuti ku Dómuè, phiri lopitirira mamita 2,000, kutha kugwa chimvula pamene ku Ulónguè anthu akuyanika ufa. Akatswiri amagwiritsa ntchito malire a mvula, kuphatikiza mphamvu yake ndi kutalika kwa nthawi imene yagwa, njira imene Nel Caine anaifalitsa mu 1980. Koma malirewo amasiyana dera ndi dera, ndipo amapezeka pokhapokha wina atalemba kuti tsiku lakuti kunagwa mamilimita akuti ndipo phiri linagumuka kapena silinagumuke. Nthawi ya Freddy, ku Nkhulambe ku Phalombe anayeza mamilimita oposa 1,000 m'masiku anayi. Imeneyo ndi yoopsa kulikonse. Chovuta ndi mvula yapakatikati yogwera pa nthaka yokhuta kale, ya mu Febuluwale ndi Malichi. Choncho choyezera mvula chimodzi pa sukulu panu, chowerengedwa m'mawa uliwonse nthawi yofanana, chili ndi phindu lalikulu. Machenjezo a pa wailesi a INAM, oona za nyengo, ndi INGD, oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, muziwatsatirabe, chifukwa namondwe amamuona akadali pa nyanja. Choyezera chanucho n'chokuuzani zimene zikuchitika pa phiri lanu.

Funso lachiwirilo ndi limene limandikhudza mtima. Ndinanena kuti modelo imaphunzira pa malo amene anagumuka kale. Mndandanda wa NASA wa malo ogumuka pa dziko lonse unayamba mu 2007 ndipo zambiri zake zimachokera m'nkhani za m'manyuzipepala ndi pa intaneti. Nthaka ikatseka msewu waukulu kapena kupha anthu mumzinda imalembedwa. Ikakwirira dimba la mbatatesi ndi khola ku Dómuè palibe amene amalemba. Ndiye modelo imaphunzira kuti ngozi zimachitika pafupi ndi misewu ndi matauni, kumidzi kulibe. Ifenso timayesa kufufuza zipsera pa zithunzi za setilaiti za Sentinel-2, zimene kabokosi kake ndi ka mamita 10 ndipo zimajambula malo amodzi masiku asanu alionse, koma m'dzinja mitambo imaphimba, ndipo pakapita nyengo ziwiri zitatu udzu umabisa chipsera.

Inu mungathe kutseka bowo limeneli ndi foni. Pa khwawa lililonse tengani malo atatu pa GPS: pamene panagumuka, pakamwa pa khwawa, ndi pamene matope anaima. Malo achitatuwa ndi ofunika kuposa onse ndipo ndi amene amasowa kwambiri. Jambulani mwala waukulu kuposa yonse munthu ataima pambali pake. Lembani chaka, ndipo ngati n'zakale funsani agogo kuti zinachitika nkhondo isanayambe, anthu ali kothawa ku Malawi, kapena atabwerako, zimenezo zimatipatsa zaka zoyandikira. Mufunsenso ngati unali usiku kapena masana, ndi kuti mvula inagwa masiku angati. Kope limodzi likhale kwa amfumu, lina mupereke ku ofesi ya boma yoona za ngozi. NASA ilinso ndi tsamba lotchedwa Landslide Reporter pamene munthu wamba amatha kulembapo. Ndipo pafupi nanu pomwepo ku Ulónguè pali sukulu ya zaulimi ya UniZambeze, ku Tete kuli sukulu ya ukachenjede ya ISPT. Ophunzira amasowa nkhani zoti afufuze pomaliza maphunziro. Pulogalamu yojambulira mapu ya QGIS ndi yaulere, munthu mmodzi wodziwa kuigwiritsa ntchito atha kukujambulirani mapu a khwawa lanu lokha.

Mlimi_Tsangano

Achimwene mwafotokoza bwino, ndamva. Komabe ndinene kuti anthu ojambula mapuwo azibwera kudzakhala pansi ndi mafumu asanapake mitundu, osati atapaka kale. Za mizere yotsetsereka aphunzitsi anena zoona, kwathunso ilipo. Ife tinabzala vetiva ndi nsungwi m'mbali mwa khwawa ndipo dothi lasiya kudyeka. Kaya zingaimitse napolo weniweni, pamenepo sindilonjeza.

Wa_miyala_Moatize

Sizingamuimitse akayamba, bambo, koma mizu imagwira dothi losaya la pamwamba, ndipo kugumuka kwambiri kumayambira m'dothi limenelo. Pitirizani. Chosafunika ndi kukumba maenje osunga madzi kapena ngalande pamwamba pa mng'alu, chifukwa mukatero mukumwetsa madzi malo amene akufuna kale kutsika.

Mphunzitsi_wa_ku_Dómuè

Zikomo nonse. Ndakambirana ndi amfumu ndi ahedi. Tagwirizana kuti dzinja lino mvula ikagwa masiku awiri osaleka, makalasi awiri a kufupi ndi khwawa azikaphunzirira ku tchalitchi, chimene chili pa kamtunda cham'mbali, ndipo mabanja a pakamwa pa khwawa azikagona kwa abale awo. Ena akukana, akuti ng'ombe sangazisiye zokha usiku chifukwa cha akuba, ndiye nkhani ya khola tikaikambirananso Lamlungu tikatuluka m'mapemphero. Zikhomo takhoma kale. Ana a giredi 6 ndi amene azilemba mvula, ndipo Loweruka tiyamba kuyendera agogo ndi kope.

Achimwene a ku Moatize, foni yanga ikuonetsa manambala a GPS amitundu iwiri, ena ali ndi madigiri ndi mphindi, ena ndi a madontho okha. Ndilembe ati kuti musavutike powalowetsa mu kompyuta?